Nkhanga za a Paul

Benoni, 21 Meyi 2023

Okondedwa amake Sharon,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi Sharon, amayi ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Kalatayi ndapatsira a Felix a basi, aisiya pa golosale ya a Danieli pa Chitakale. Pafoni timangothamangitsana ndi mayunitsi, ndiye nkhani zazitali ndizilemba.

Ntchito ndaipeza, ndipo mukaimva museka. Ndikuweta nsomba.

Abwana anga ndi mzungu wachikulire, a Paul. Akazi awo anamwalira kale, amakhala okha ndi mphaka, mwana wawo wamkazi a Sheila amabwera Loweruka lokha. Kuseri kwa nyumba kuli chipinda chachikulu ngati kalasi, chodzaza matanki agalasi, m'menemo muli nsomba zokhazokha. Si zodya ayi. Anthu amabwera pa magalimoto kudzagula kansomba kosakwana chala, n'kukakaika pabalaza kuti azikayang'ana. Zambiri ndi mbuna za kunyanja yakwathu, zabuluu, zachikasu, zina zamizeremizere.

Tsiku loyamba atamva kuti ndine Mmalawi anandikoka dzanja, akuti, "Bwera udzaone abale ako." Anayamba kundifunsa za Likoma ndi Nkhata Bay. Ine ndinawauza chilungamo, kuti kwathu ndi kuphiri, nsomba zimene ndimadziwa ndi makumba a m'damu lathu ndi usipa wouma wa pa Thuchila. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti bola choncho, wosadziwa amamva zomuuza.

Malamulo ake ngati kuchipatala. Dzanja la sopo kapena lodzola mafuta lisalowe m'madzi. Mankhwala opopera udzudzu asafike ndi pakhomo pomwe. Madzi a pampopi usathire usanadonthezemo mankhwala ochotsa klorini, chifukwa klorini yemwe uja timathira m'ndowa nthawi ya kolera amaotcha mopumira nsomba, ukabwera upeza zonse zayandama. Makumba athu amakhala m'matope, abakha akusambira pamwamba, osadandaula. Izi ndi zosachedwa kufa ngati anapiye a chizungu.

Za damu musataye mtima. Namondwe Freddy anatenga nsomba ndi khoma, koma dzenje analisiya. Muwauze amalume a Filipo apeze aganyu awiri ayambe khoma la kumunsi dothi lisanaumitse. Ya ganyuyo ndatumiza pafoni. Nandolo musagulitse msanga kwa mavenda, adikire.

Ndili ndi kachipinda kangakanga, kotseka ndi kiyi. Kumene ndinkagona kuja ndinachokako. Mmene ndinachokera tidzakamba pamaso.

Ndine wanu,
Bambo a Sharon, Hopewell

Benoni, 16 Julaye 2023

Amake Sharon,

Moni nonse. Ine ndili bwino, koma mtima sunakhazikike chiwerengere kalata yanu. Ndinaiwerengera m'munda wa maluwa, nditafika pamene mukuti ndinu oyembekezera ndinangokhala pansi pa kapinga, paipi ya madzi ikundithira m'nsapato. A Paul anathamanga kuganiza kuti kwagwa maliro. Nditawauza anandipatsa tchuthi cha masana onse ndi nkhuku ya mufiriji. Kusikelo muyambe msanga, ndipo ganyu yothyola tiyi musiye. Ndanena.

Kuno kukuzizira, chiperoni cha kwathu n'chibwana. Lolemba kunagwa sinowo, tinthu toyera ngati ufa tikutsika pang'onopang'ono, azungu omwe anatuluka m'nyumba kukajambula.

Sabata yapitayo tinaona zakuda. Magetsi kuno amathimathima ngati kwathu, koma ulendo uno akuba anadula mawaya, ndiye anapita masiku awiri athunthu. M'chipinda cha nsomba chilichonse chimadalira magetsi. Hita yofunditsa madzi inazima, pampu ya mpweya inasiya, sefa nayo zii. Tinafunditsa matanki mabulangete onse a m'nyumba, langa lomwe. Ndinkawiritsa madzi pa gasi, kuthira m'mabotolo, kuwayandamitsa m'matanki, kwinaku a Paul akutunga ndi jagi n'kumathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, koma sanakhale pansi. Komabe thanki ina ya mbuna zachikasu inatha yonse. Inali pafupi ndi chitseko, komanso zinali zothithikana.

Magetsi atabwera ine ndinathamangira kuyatsa zonse, iwo anandigwira mkono. Akuti madzi amene agona m'sefa masiku awiri aola, ukangowapopera m'thanki wapha ndi zotsala zomwe. Tinatsuka kaye. Mnzawo wina wa ku Boksburg sanatero, nsomba zake zinapulumuka mdima n'kufa magetsi atayaka.

Zakufazo sanataye m'bini, anakwirira pansi pa maluwa. Sanandikalipire ngakhale kamodzi. A Sheila agula mabatire akuluakulu, tsopano tikugona mtima uli m'malo.

Kwabwera alendo. A Paul agula kagulu ka nsomba za ku nyanja ya Tanganyika zimene akhala akuzifuna zaka zambiri. Dzina lake ndi duboisi, koma ine nditaziona, zakuda bii ndi timadontho toyera, ndinangoti nkhanga. Dzinalo lakhala, a Paul nawo akuti nkhanga. Akuti mwa zonse zili muno izi ndiye zovuta. Kwawo zimadya ndere za pamiyala, matumbo ake ndi aatali ngati a mbuzi, ukazipatsa zanyama kapena kuchulutsa chakudya zimatupa mimba. Amazidyetsa okha, katsine kamodzi ka chakudya chobiriwira, ine ntchito yanga ndi madzi ndi magalasi.

Nsapato za Sharon zili m'chikwama cha a Felix. Zikakula muikemo nsanza.

Wanu,
Hopewell

Benoni, 24 Seputembala 2023

Amake Sharon,

Ndathokoza kumva kuti kusikelo akuti zonse zili bwino. Amayi mwendo uja uli bwanji? Ine ndili bwino, ndanenepa, mathalauza akukana.

Ndasangalala kuti khoma la damu latha. Musalowetse madzi onse tsiku limodzi, muzidzaza pang'onopang'ono muone ngati likudontha. Amalume akafuna kubzala nthochi pakhomapo muwakanize mwaulemu, mizu imaboola.

Kuno nkhanga zayamba kufa. Yoyamba ndinaipeza m'mawa itagona chagada pakati pa miyala, chikhalirecho dzulo lake inkathamangitsa zinzake. Patapita masiku pang'ono ina, kenako ziwiri tsiku limodzi. Palibe bala, palibe chizindikiro, kungoti mimba yatupa ndipo maso atuluka pang'ono. Tafufuza paliponse. Tili ndi timabotolo toyezera madzi, umadontheza n'kuona mtundu. Madzi otentha bwino, mchere wake uli bwino, klorini mulibe. Poizoni uja amatuluka m'ndowe za nsomba ndi m'zakudya zoola anaoneka pang'ono, tinasintha madzi, patapita masiku awiri wabweranso. Tinaganiza kuti mwina yaimuna yaikulu ikuzunza zinzake, tinaipatula, imfa osasiya.

Kunabwera mnzawo wa a Paul, a Thomson, amene amawetanso nsomba. Anang'amba imodzi ndi lumo patebulo, anatiwonetsa matumbo otupa odzaza madzi. Anati, "Paul, ichi ndi chakudya. Zikudya kwambiri, kapena zikudya zosayenera." A Paul anapsa mtima, akuti ayamba kuweta nsomba a Thomson asanamere ndevu, ndipo amadyetsa okha katsine kamodzi. A Thomson anangotembenuka n'kundiyang'ana ine.

A Sheila akukayikira mayi wina amene amabwera kudzakolopa, a Rosie a ku Zimbabwe, kuti mwina anapopera mankhwala opukutira mawindo. Awaimitsa kaye. A Rosie ali ndi ana atatu. Pochoka sanandipatse moni.

Kupatula zimenezo tikukhala bwino. Maluwa aphuka, madzulo timakhala pakhonde kumwa tiyi, ndinawauza kuti mwina masamba ake munathyola ndinu. Amakonda kundifunsa za phiri. Lachiwiri anandifunsa dzina la mwana wathu m'mawa, masana anafunsanso, madzulo anafunsanso. Ndi ukalamba.

Mundipatsire moni abale onse a ku limana.

Hopewell

Benoni, 22 Okutobala 2023

Amake Sharon,

Ndili bwino, musade nkhawa ndi kufupika kwa kalatayi.

Malata aja musagule kaye. Ndalamayo isungeni mpaka ndikuuzeni. Ngati denga la kuchipinda likudontha, pulasitiki ikwanira mvula yoyamba.

Nkhanga zatsala zosakwana theka. Zafanso mbuna zina m'thanki imene inalibe vuto chiyambire. Loweruka a Sheila anandiitanira ku galimoto yawo, anandifunsa ngati ndimadyetsa nsomba mwamseri chifukwa chozimvera chisoni. Ndinati ayi. Anafunsa ngati pali chimene ndikudziwa. Ndinayang'ana pansi. Akuti zikapitirira agulitsa matanki onse, bambo awo akupweteka mtima pachabe, ndipo zikatero wantchito watsiku lililonse safunikanso.

Pali chimene ndaona. Chitini cha chakudya chobiriwira chimene chinkatha miyezi iwiri chikutha masabata. Tsiku lina ndinapeza kambale ka tinkhanu tofiira ta mufiriji, chakudya cha nsomba zina, kali pamwamba pa thanki ya nkhanga, kopanda kanthu. Tsiku lina paipi ya pampopi ikuthira m'thanki ya mbuna, madzi akusefukira pansi, m'chipindamo mulibe munthu. Ine ndinali kometa kapinga. M'nyumba muno tilimo awiri ndi mphaka.

Zina sizilembeka. Kwa eni kulibe mkuwe. Munthu amene anakupatsa chipinda, nkhuku ndi bulangete, ungamuuze bwanji? Ndikumangotsatira m'mbuyo ndi kaukonde, kuwola chakudya chimene ndingathe chisanamire.

Muzindipempherera, koma amayi musawauze.

Hopewell

Benoni, 12 Novembala 2023

Okondedwa amake Sharon,

Moni wa chimwemwe. Ndili bwino kuposa mmene ndinalili polemba kalata yapita ija, ndipo pepani kuti inakusowetsani tulo muli ndi pakati. Malata kagulani.

Zinachitika Lachitatu masana. Ndinali kuseri kwa matanki ndikupukuta magalasi, a Paul analowa akuimba mluzu, anatsina chakudya, anawaza kwa nkhanga, anatuluka. M'mawa anali atadyetsa kale ndikuona. Ndisanamalize mzere umenewo analowanso, ulendo uno ndi kambale ka tinkhanu tija. Amake Sharon, sindikudziwa mphamvu inachokera kuti. Mwina ndinaganiza za a Rosie. Ndinatuluka n'kunena kuti, "Abwana, zadya kale."

Anati, "Liti?"

Ndinati, "M'mawa, komanso posachedwapa. Taonani pamwambapo."

Anayang'ana. Chakudya chinali chikadayandama, nsomba zitakhuta osachifunanso. Anayang'ana kambale kali m'manja mwawo nthawi yaitali, ngati wina wawagwiritsa. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Ndakhala ndikuchita izi?"

Ndinati, "Eya, abwana."

"Paipi ija ndinenso?"

Ndinangogwedeza mutu.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa."

Ndinkayembekezera kuti andiuza ndilongedze. Iwo anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Anati mayi awo anayamba chomwechi, ankathira shuga m'tiyi katatu. Kenako anadzuka, anati, "Tenga paipi yopopera, tichotse zonsezi zisanaole." Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, tinasintha madzi, anathiramo mankhwala a m'mimba, anati nkhanga zisalawe kanthu mpaka sabata yamawa. Pa zimenezi mutu wawo unali wakuthwa ngati kale.

M'mawa mwake anandituma kusitolo kukagula loko. Anaika okha zitini zonse m'kabati, anakhoma, anachotsa ndi chotsegulira mpopi chomwe. Makiyi anandiika m'manja, anati, "Hopewell, sunga. Ndikadzakupempha usandipatse. Ndikadzakukalipira usandipatsebe. Ukundimva?" Ndinati ndamva.

A Paul anaimbira okha foni a Sheila, ine ndili pomwepo. Anaimbiranso a Rosie, anapepesa ndi pakamwa pawo. Abwerera Lolemba. A Sheila atabwera Loweruka anakhala nthawi yaitali m'galimoto asanatsike, maso ali ofiira. Ine anangondigwira dzanja ndi manja awiri.

Chiikireni loko, yafa imodzi yokha, imene inali itatupa kale.

Nthawi ikayandikira musadikire kunyumba, mukadikirire kuchipatala ku boma. Mvula ikayamba msewu wathu mukuudziwa. Ndalankhula ndi a Danieli za galimoto.

Wanu nthawi zonse,
Hopewell

Benoni, 14 Januwale 2024

Amake Sharon, tsopano ndinenso kuti amake Gabriel,

Zikomo. Sindikudziwa mawu ena. Chithunzi chimene anatumiza adzukulu a amalume ndachionetsa aliyense, ndi wogulitsa buledi yemwe. Mphuno ndi yanu, koma chipumicho musakane, n'chakwathu. Dzina limene amayi apereka ndalilandira ndi manja awiri, mwana wobadwa sabata ya Khirisimasi dzina lake ndi lomwelo. Inuyo muzidya, musathamangire kumunda. Wopalira ndilipira ine.

Ndikudziwa ndinalonjeza kubwera Disembala. Sharon mumuuze kuti bambo sananame dala. A Paul amapita kuchipatala kawirikawiri mwezi umenewo, ndipo panalibe wina wosiyira makiyi.

Adokotala atsimikiza matenda aja oiwala. Mankhwala ochiza palibe, alipo ongochedwetsa. A Sheila ankafuna kugulitsa zonse n'kuwatengera kwawo, koma adokotala anati munthu wotere ukamuchotsa pa zimene anazolowera amafota msanga. Ndiye tagulitsa theka la matanki kwa a Thomson, zotsalazo ndikusamala ine. A Thomson pobwera kudzatenga anandibweretsera jekete. Sananene kuti n'chifukwa chiyani, inenso sindinafunse. Malipiro andikwezera, chifukwa tsopano ndikuyang'anira nsomba ndi mwini wake yemwe.

Tapeza njira. M'mawa uliwonse ndimayeza chakudya m'tizitsekerero ta mabotolo, kamodzi pa thanki iliyonse, n'kuika pa thireyi. A Paul amadyetsa okha monga kale. Akabweranso masana amapeza tizitsekerero tili chadodolido, amati, "Aa, ndadyetsa kale," n'kukhala pampando kumaonerera. Nkhanga zachira, zikukula, timadontho tayamba kuzimiririka, pakutuluka lamba wachikasu pamimba. Akuti zimatero zikamakula.

Ndamva kuti mbewu ya makumba mwaika m'damu. Tsono imvani kwa munthu amene waona. Madeya musachulutse. Amalume ali ndi dzanja lalikulu, amaganiza kuti kukonda chiweto ndi kuchikhutitsa. Mukaona m'mawa nsomba zili pamwamba zikuyasamula, tsiku limenelo musathire kanthu, tsegulani ngalande madzi atsopano alowe. Amene akupopera mankhwala m'dimba la tomato asatsukire mpope wake kumtunda kwa ngalande yathu. Mukamuuze mofatsa, ndi m'bale.

Za mapepala anga okhalira m'dziko muno a Sheila akuti afunsa kwa odziwa. Pakadali pano sindiyenda kutali ndi nyumba.

Mumpsompsone Gabriel pachipumi chakwathucho.

Bambo a Sharon ndi Gabriel

Benoni, 18 Ogasiti 2024

Okondedwa amake Sharon,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine ndili bwino. Makumba ouma amene munapatsira a Felix anafika, a Rosie ndi ine tinadya masiku atatu, ndipo a Paul analawa n'kunena kuti m'nyumba mwawo simunalowepo nsomba yothandiza ngati imeneyi.

Zolephera kubwera Pasaka sindibwerezanso, munamva pafoni mmene a Paul anagwera kubafa. Mwendo unachira, akuyenda ndi ndodo. Mutu ndiye ukupita pang'onopang'ono. Masiku ena amanditchula dzina la munthu wina amene anagwira ntchito pano kalekale, ine ndimangoyankha.

Tsiku lija ananena linafika mwezi watha. Anandipeza pakhonde, anati ndiwapatse makiyi a kabati. Ndinati ayi abwana. Anakuwa, anati nyumba ndi yawo, nsomba ndi zawo, ndine wakuba, aitana apolisi. Mawu amenewo kwa munthu ngati ine kuno si ocheza. Koma ndinakumbukira amene anandipatsa makiyiwo, kuti analinso iwo omwewo, ndipo tsiku limenelo ankadziwa chimene akunena. Ndinaika manja kumbuyo n'kungoima. Analowa m'nyumba akumenyetsa zitseko. Nthawi ya tiyi anatuluka ndi makapu awiri, atayiwala zonse. Ine ndi amene ndinatsala nazo, koma zinatha.

Tsono imvani zabwino. Nkhanga ina yaikazi inasiya kudya, kukhosi kutatupa. Ndinati zayambanso. Ndinawaitana a Paul, anangoyang'ana kamodzi n'kuseka. Akuti, "Iyi sikudwala, yafungatira." Inali ndi mazira m'kamwa, ngati mmene amachitira makumba. Inakhala choncho pafupifupi mwezi, ikungobisala kumiyala.

Dzulo a Sheila analipo, ndikuwaphunzitsa za madzi. A Paul anati nthawi yakwana, tiana titulutsidwe zinzake zisanatidye. Ine ndinazengereza, chifukwa manja awo masiku ano amanjenjemera, supuni imawavuta. Koma anapinda malaya, ananyowetsa manja, anaigwira nsombayo m'beseni mofatsa, anatsegula kakamwa ndi chikhadabo. Manja aja anangoti zii, osagwedera. Tiana tinatuluka kamodzikamodzi, takuda, tamoyo, tikuthamangira pansi pa beseni. Mayi wawo anamubwezera m'thanki wopanda ndi bala lomwe. M'mawa womwewo a Paul anali atafunsa a Sheila kuti ndi mwana wa ndani. Koma apa anawatembenukira n'kunena kuti, "Sheila, bweretsa kaukonde kakang'ono, ukudziwa pamene timaika." A Sheila anapita akupukuta m'maso, anakapeza pomwepo.

Ndikubwera. A Sheila atenga tchuthi cha mwezi wathunthu, adzagona konkuno, makiyi ndiwasiyira iwo. Aphunzira bwino, kungoti amaopa kugwira nsomba yakufa, ndiye ndawauza kuti asaphe. Tikiti ndadula kale, ndinyamuka ndi a Felix pa 6 Seputembala, pa Chitakale ndifika Lamlungu ngati pa Mwanza satichedwetsa. Katundu ndi wambiri, amalume abwere ndi njinga ziwiri.

Sharon andizindikira. Koma Gabriel muyambiretu kumuuza. Akadzaona munthu wonenepa wa jekete lachilendo akutsika minibasi n'kumutambasulira manja, asadzalire kwambiri. Pang'ono pokha ndilola.

Ndine wanu,
Hopewell